Tsiku Lomwe Tinanyamula Nyanja

Magalasiwo anabwera awiri kushopu kwathu, koma lina linafika litang'ambika kuchokera pakona mpaka pakona. Dalaivala wa lole anati wolakwa si iye, ndi mahampu a pamsewu. Anali magalasi odziyang'anira akalekale, aatali kuposa chitseko, ochokera polowera m'nyumba ya zisudzo. Anawatumiza kuti tiwapakenso mankhwala a kumbuyo chifukwa anali atachita mawanga. Mumzinda monse wodziwa ntchito imeneyo anali atatsala mmodzi yekha, alamu anga, amuna awo a achemwali.

Alamuwo anali atangobwerera kumene kuntchito. Sitiroko inawasiyira miyendo yabwinobwino ndi pakamwa pabwinobwino, mwatsoka lathu, chifukwa kulongolola sanasiye. Koma dzanja lamanja inalitenga, ndipo linkabwerera monyinyirika. Tsiku lonse ankangokhalira kufinya kampira komwe anawapatsa kuchipatala, patebulo, m'basi, ngakhale pomwe akukalipira ine. Galasi lotsalalo analipaka ndi pakamwa, iwo akulangiza, manja ali anga, koma litauma linatuluka mbee, lopanda ndi kadontho komwe.

Achemwali ankafuna kuti amuna awo asiye ntchito, azikhala pakhonde. Ankati galasi si thabwa, likapulumuka m'manja limafuna mtsempha. Anakangana mpaka alamu analumbira kuti galasi limeneli silikweranso lole, alinyamula pamanja mpaka kunyumba ya zisudzo. Anati akalitula panjira chifukwa cha dzanja, kapena likagwa, ndiye kuti basi, mushopu sadzapondamonso. Achemwali anavomera, n'kunena kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere. Kenako anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti amuna awo akabwera ndi bala, inenso ndisadzaonekenso pakhomo pawo.

Ndinapsa mtima ndi onse awiri. Anthu amakangana m'nyumba mwawo, koma wothyoka msana n'kukhala ine. Komabe sindinkafuna kuti alamu asiye. Miyezi imene anagona m'chipatala ndinaiona shopu yopanda iwo, ndipo sinandisangalatse. Ndinkapezeka ndikudzikalipira ndekha kuti mumveke mawu.

Njira anasankha okha. Shopu yathu ili m'kamsewu kakumbuyo, kumtunda kwa paki. Msewu waukulu uli ndi mahampu aja, magalimoto, ndi anthu oyenda maso ali pafoni. Koma m'paki muli njira yotsata gombe, yosalala, yopanda masitepe, imene chikwangwani cha pageti chimati ngakhale wokalamba kapena wokankha kangolo ka mwana atha kuiyenda osatopa. Imadutsa panyumba ya maluwa, pakasupe, n'kuwoloka mlatho wautali pomwe mtsinje umathira m'nyanja, kenako n'kukatulukira pabwalo la nsanja ya wotchi, pomwe pali nyumba ya zisudzo. Tonse awiri tinali tisanayendemo. Pakiyo tinkangoiona tili pamakwerero, tikuika mawindo m'nyumba za eni ake. Alamu ankati paki ndi ya anthu amene atha ntchito zawo, ndipo iwo sanathepo zawo.

M'mawa wa tsikulo ndinalikulunga galasilo m'mabulangete monga timachitira nthawi zonse. Tisanatuluke n'komwe pakhomo, dzanja la alamu linaterera pabulangete. Anandiuza kuti ndichotse zonse. Ndinawauza kuti palibe munthu wamutu wabwino amene amayenda ndi galasi lamaliseche mumzinda, koma kulankhula ndi alamu akatsimikiza mtima n'kutaya malovu. Anavala magolovesi a labala kuti agwire galasi lenilenilo. Nkhope yake tinaitembenuzira kwa ife, kuti mabatani a malaya asakande mankhwala atsopano a kumbuyo.

Ponyamula galasi pali lamulo lake. Mumaliimika chammbali, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, dzanja limodzi pansi pake, lina m'mphepete. Wakutsogolo amayenda chambuyo, atayang'ana mnzake, ndipo mnzakeyo ndiye maso ake. Zaka zonse zomwe ndagwira nawo ntchito, woyenda chambuyo anali alamu, chifukwa ndi malo a wamkulu. Tsikulo anaima kumbuyo osandiyang'ana.

"Lero chambuyo upita ndiwe, mlamu."

Ndinaona kuti aima mbali yoti dzanja lodwala lija ndi limene likhale pansi, losenza kulemera konse. Anachita dala.

M'kamsewu kathu galasilo linkangoonetsa zomwe timaziona tsiku lililonse, makoma, mawaya, mabini. Ine maso anali pankhope ya alamu, makutu ali pa mawu awo. Dzenje. Kumanzere pang'ono. Njinga, ima. Tinkayenda mawondo ali ofewa, phazi langa likachoka, lawo n'kufika. Titalowa pageti la paki phokoso la magalimoto linatsalira kumbuyo, mitengo n'kuyamba kugwera m'galasi umodziumodzi. Sindinasamale. Ndinali ndikuwerengera alamu zolakwa zawo mumtima, kuyambira za chaka chomwe anakwatira achemwali.

Kenako njira inakhota, nyanja n'kulowa.

Sindikudziwa ngati ndingafotokoze bwino. Kudzanja langa lamanja kunali nyanja yeniyeni. Kumanzere, pafupi ndi tsaya langa, kunali inanso, yofanana ndendende, yotambalala mpaka kumapiri a kutsidya. Mzinda wonse unabisika kuseri kwa galasi. Nyumba zazitali zija, msewu, shopu, zonse zinapita. Tinatsala anthu awiri pakachingwe ka njira, madzi uku, madzi uko, thambo lili pawiri. Boti la thanga loyera linkabwera chakuno, mnzake m'galasi akubweranso, ndipo ndinkayembekeza kuti akumana pamphuno panga. Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinabadwira mumzinda uno, nyanja imeneyi ndimaiona pawindo la basi m'mawa uliwonse ngati mmene munthu amaonera khoma la neba, koma tsiku limenelo ndinachita nayo mantha, ndipo ndinaikonda.

Alamu nawonso anasiya kutchula maenje. Pakamwa pawo panali potseguka pang'ono. Munthu amene wayenda chambuyo moyo wake wonse anali akuona kumene akupita, ndipo kunali kotero.

Dzuwa linkamenya galasi n'kugwera pansi ngati chigamba choyera, chigambacho n'kumayenda nafe. Chinkakwawa pa udzu, kukwera mabenchi, kudutsa pamiyendo ya anthu. Pamalo ena pomwe mitengo inaweramira m'madzi, chinatsetsereka pagombe n'kulowa mumthunzi, ndipo madzi omwe ankaoneka akuda anatseguka mpaka pansi. Ndinaona timiyala tosalala, nsomba zitaima chilili zitayang'ana mbali imodzi, ndi botolo lakale litamera ndere. Tinadutsa, madziwo n'kutsekekanso. Ndinafuna kuwauza alamu kuti tibwerere pang'ono, koma galasi salibweza.

Anthu ndiye anatidabwitsa. Bambo wina wothamanga anaima, thukuta lili kamukamu, n'kuiwala kuti amathamanga. Wogulitsa ayisikilimu anakankhira ngolo yake pa udzu popanda womuuza. Mayi wina wachikulire anadzuka pabenchi kuti akonze chipewa chake poti wapeza galasi laulere, koma manja anangotsala m'mwamba, maso ali kuseri kwa phewa lake, komwe nyanja inali ikuwala. Ndikhulupirira kuti anakhala pabenchipo zaka zambiri asanadzionepo ali pamodzi ndi nyanjayo. Palibe amene anaseka kapena kutifunsa kumene tikupita. Ena anayamba kutitsatira chapatali, mwakachetechete.

Mlonda wa m'paki anabwera akuthamanga, wenzulo ili pakamwa, kudzatiuza kuti muno si modutsitsa katundu. Atafika pafupi anakumana ndi mlonda mnzake m'galasi, wenzulo ili pakamwa, mimba ili patsogolo, kumbuyo kwake kuli madzi ndi mapiri. Anabweza mimba, anakonza lamba, ndipo mlandu unathera pomwepo. Kuchokera pamenepo anayenda patsogolo pathu akupatutsa anthu ndi manja, ngati kuti ulendowu anaukonza ndi iye.

Nyumba ya maluwa ndi ya magalasi okhaokha, kuyambira pansi mpaka padenga, ndipo ili pakati pa njira ndi gombe. Denga lake anaika ndi alamu ali mnyamata, ine ndisanawadziwe. Nkhani yake ndinaimva kambirimbiri mpaka kutopa nayo, za mphepo, za kapitawo woledzera, za nsapato yomwe inagwera pamutu pa mkulu wina. Koma chimalizireni ntchitoyo anali asanaionepo ataima pansi. Tikuyandikira, nyumbayo inalowa m'galasi mwathu, magalasi ake onse akuyaka, mkati muli migwalangwa ndi maluwa ofiira okwera mpaka kudenga. Ndinadikira kuti ayambe nkhani ya nsapato ija. Anangonena kuti sankadziwa kuti ndi yaitali chonchi.

Woyenda chambuyo amaona zomwe mnzake wazisiya. Apa m'pamene ndinawaona achemwali. Anali kumbuyo kwa gulu lija, atafunda ambulera dzuwa lisanatenthe n'komwe, akusuntha kuchoka pamtengo uwu kupita pa uwo. Anali atanena kuti sapita kukaonerera misala. Alamu sindinawauze.

Pakasupe, pomwe madzi amatumphukira m'mwamba kuchokera m'kamwa mwa nsomba yamwala, panali atsekwe. Tsekwe wamkulu wa gululo anaona mnzake m'galasi akubwera molunjika kwa akazi ake. Anatambasula khosi n'kutithamangira akufwenthera. Anajompha galasi, go, kenako poona kuti mdaniyo ndi wouma, anatembenukira buluku langa. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa, koma kumenya theche uli ndi galasi m'manja n'kudzipha. Ndinaima nji, n'kumutukwana chonong'ona, iye ndi makolo ake onse mpaka kudzira loyamba. Mlonda anamuthamangitsa ndi chipewa. Alamu ankaseka ndi maso okha, mapewa ali phee kuti galasi lisagwedezeke, ndipo ndinawakhululukira zolakwa za zaka zingapo.

Mlatho ndi umene tinkauopa. Ndi wautali, wopanda mtengo ndi umodzi womwe, ndipo mphepo ya panyanja imafikapo yonse. Titafika pakati inabwera. Inayamba ndi kukwinya madzi chapatali, kenako inamenya nkhope ya galasi ngati munthu wokankha chitseko. Ndinamva galasi likupuma m'manja mwanga, likufuna kupindika. Alamu anati, "Mpeni," ndipo ndinadziwa. Galasi mphepo ikabwera sulimbana nayo, umalitembenuza kuti ikumane ndi m'mphepete mwake ngati mpeni, ilidutse mbali zonse. Ndinazungulira pang'onopang'ono mpaka msana wanga unaloza kunyanja, alamu atayang'ana kumadzi. Tinaima choncho, titapingasa mlatho, tikudikira.

Kuima n'kopweteka kuposa kuyenda. Manja anga, omwe ndi abwinobwino, anali akuyaka moto. Ndinayang'ana mkono wa alamu ndipo unali ukunjenjemera kuyambira pachigongono. Ndinapinda mawondo pang'ono, n'kutsitsa mbali yanga kuti kulemera kutsetserekere kwa ine. Ndinatsitsa pang'ono zedi, moti munthu wamba sakanaona.

"Kweza mbali yako," anatero alamu.

"Ndangosintha kagwiridwe, alamu."

"Usandibere katundu. Ndikafika chifukwa wandinyamulira, ndiye kuti sindinafike. Kweza."

Ndinakweza. Ndinkafuna kulira ndi ukali, ndipo ndinkafunanso kuwagwadira. Kumbuyo kwanga mafunde ankamenya zipilala za mlatho, mbalame zoyera zikulendewera m'mwamba osakupiza mapiko, zitaima pamphepo yomweyo imene inkafuna kutipha. Galasi tsopano linali litayang'ana komwe tinachokera, ndipo anthu onse otitsatira anali mmenemo, ataima kumayambiriro kwa mlatho, tsitsi ndi zovala zikuuluzika. Alamu anaponyamo diso.

"Mlongo wako akuganiza kuti ambulera imabisa munthu," anatero chapansipansi.

Mphepo inapita monga inabwerera. Tinatembenuka n'kupitiriza. Kuchokera pamenepo alamu anachepetsa mawu. Ankatchula njira mwachidule, maso awo n'kumagwera pafupipafupi kukona ya pansi ya galasi, pomwe madzi ankang'anima. Ndinaganiza kuti nyanja yawalodza monga inandilodzera ine, ndipo ndinasangalala kuti munthu wouma mutu ngati ameneyu wapeza chomugonjetsa.

Njira inachoka pagombe n'kukwera pang'ono pakati pa maluwa obzalidwa m'mizere. Nyanja inatuluka m'galasi pang'onopang'ono, kuyambira mapiri, kenako maboti, mpaka inatsala kamzere kowala, nako n'kuzimirira. Ndinamva chisoni ngati ndasiya munthu padepoti. Titangotulukira pabwalo, wotchi ya pansanja inalira, ndipo nkhunda zonse za pabwalopo zinadzuka nthawi imodzi. Zenizeni zinadutsa pamutu pathu, za m'galasi zikudutsa pafupi ndi khutu langa, mapiko okhaokha mbali zonse. Sitinaime. Mlonda wa m'paki anatiperekeza mpaka pomwe udzu umathera, n'kuima pamenepo ataongoka, poti ufumu wake unathera pomwepo.

Polowera m'nyumba ya zisudzo munali mozizira, pansi pali miyala yosalala, pakhoma pali malo awiri otuwa pomwe magalasi aja ankakhala. Mayi woyang'anira nyumbayo anali atatsegula zitseko zonse ziwiri, manja ali pachifuwa. Timatabwa tokutidwa ndi labala ndinali nditatumiziratu dzulo lake. Tinatsitsa limodzi, mawondo okha, msana uli woongoka, mpaka galasi linakhala patimatabwa n'kutsamira khoma. Linalibe mng'alu kapena kukandika paliponse. Panjira sitinalitule.

Ndinachotsa manja anga n'kuimirira. Alamu anakhalabe chogwada, dzanja lamanja lili pansi pa galasi. Ndinawauza kuti tafika, asiye. Anati akudziwa. Dzanjalo silinasunthe. Zala zinali zitakola m'mphepete mwa galasi ngati ngowe, ndipo ankaziyang'ana ngati ndi za munthu wina.

Achemwali analowa, ambulera atapinda. Sanapereke moni kwa aliyense. Anagwada pambali pa amuna awo pamiyala yozizirayo n'kuyamba kutambasula zalazo, chimodzichimodzi, kuyambira chaching'ono. Kenako anavula golovesi. M'zala monse munali mzera wakuya wofiirira pomwe galasi linakhala. Anagwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri, ndipo ndinaona kuti anali atalira kale panjira.

"Mwafikitsa, bambo," anatero. "Ndaona ndi maso anga. Za shopu sindidzalankhulanso."

Ndinali nditayamba kale kuganiza za ntchito ya mawa, mawindo a kusukulu ina omwe ankatidikira. Alamu anakhala pansi, n'kutsamira khoma pafupi ndi galasi lawo.

"Pamlatho paja dzanjali linandichokera," anatero. "Kuyambira pamenepo sindinalimvenso. Ndimangoliyang'ana kuti ndidziwe ngati likadagwira."

Anatembenukira kwa ine.

"Iwe uli chambuyo, mlamu, ukukhulupirira ine. Likanatseguka, miyendo yoduka ikanakhala yako. Ndinayenera kunena kuti titule, koma ndinafunitsitsa kulifikitsa." Anayang'ananso dzanja lija lili m'manja mwa akazi awo. "Galasi lomaliza linali limeneli."

Ndinafunafuna ukali wanga kuti ndiwatsutse, monga ndimachitira pa chilichonse, koma sunabwere. Achemwali anawadzutsa. Anafunsa ngati aitane takisi, alamu n'kukana. Anati abwerera njira yomweyo, pang'onopang'ono, ndipo akufuna akalowe m'nyumba ya maluwa ija, akakhaleko pabenchi.

Ndinatsala ndi galasi. Linkafunika kukwezedwa n'kulowetsedwa m'zitsulo zake pakhoma, ndipo imeneyo si ntchito ya munthu mmodzi. Zitseko zinali zikadali zotsegula, moti m'galasimo ndinawaona awiriwo akudutsa pabwalo, achemwali atakolowekera mkono wodwalawo m'khwapa mwawo, nkhunda zikuwapatukira. Ndinawayang'ana mpaka analowa m'mitengo. Kenako ndinapempha bambo wolondera pakhomo kuti andigwirire mbali inayo, ndinamupatsa magolovesi a alamu, n'kuyamba kumuonetsa pomwe dzanja limakhala.